MLANDU WOTHA NDI MLANDU WOSAOLA

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti, "Mlandu suola." Mau awa ali ndi nzeru, ndipo timawamva kawirikawiri pabwalo la mfumu, koma alipo ena amene amatenga mwambiwu namenya nao munthu amene mlandu wace unatha kale. Munthu wa kuno ku Santhe akaba fodya m'cigafa ca mnzace, namangidwa, nakhala zaka ziwiri m'ndende ya ku Kasungu kapena ya ku Maula, tsiku lobwera iye timanong'onezana kuti, "Wafika wakuba uja." Zaka zikapita khumi dzina likali lomwelo, ndipo ana ace alisenza popita kusukulu. Cifukwa cace tifuna kufunsana mwezi uno mafunso awiri. Kodi mlandu wa munthu umatha liti? Ndipo munthu amene mlandu wace watha, nakhululukidwa, ali ndi mangawa anji kwa anzace? Kuti tione bwino tidzatenga mbiri ya munthu wa dziko lakutali, pakuti cinthu ca pamudzi pathu ticiweruza ndi mtima wotentha, koma ca kutali ticiyang'ana modekha.

Kuyambira caka ca 1788 kufikira 1868 Boma la Angerezi linali ndi mwambo wotumiza akaidi kutsidya la nyanja yamcere, ku dziko la Australia. Ndipo m'zaka 80 zimenezo anatumiza amuna, akazi ndi ana ngati 162,000. Ambiri a iwo sanali ambanda, koma osauka a m'midzi yaikuru amene anaba nsaru, nkhosa kapena ndarama pang'ono. Apwitikizi naonso anali kucita comweco, natumiza akaidi ao ku Mozambique, ndipo ena a iwo anafika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi. Kucotsedwa m'dziko lobadwira si cinthu cacilendo kwa ife, pakuti tikumbukira Elliot Kamwana amene Boma linamcotsa mu 1909 cifukwa ca ciphunzitso cace, nakhala zaka zambiri kunja, kufikira ku zisumbu za Seychelles, nabwera kwao mu 1937. Koma munthu amene tinena za iye lero sanacotsedwe cifukwa ca mau. Anacotsedwa cifukwa ca kuba.

Dzina lace ndi Solomon Wiseman, wobadwa mu 1777. Nchito yace inali yopalasa ngalawa zotsitsa akatundu m'zombo pa mtsinje wa Thames ku London. Pa 30 October 1805 anaimirira pabwalo la milandu la Old Bailey, nampeza wocimwa pa mlandu wakuba mitengo ya ku Brazil, mitengo yofiira yopangira utoto wonika nsaru. Lamulo la masiku amenewo linali louma, ndipo anamweruza kuti afe. Koma pambuyo pace cilango cinasinthidwa, nalamulidwa kukakhala ku Australia moyo wace wonse. Mkazi wace Jane analoledwa kumtsata. Anakwera combo cochedwa Alexander ndi mwana wao wamwamuna, mwana waciwiri nabadwa panyanja, ndipo anafika ku Sydney mu August 1806.

Tsono taonani kufulumira kwace kwa zotsatira. Mu 1810 analandira citupa comlola kudzigwirira nchito yekha. Mu 1812 Bwanamkubwa Lachlan Macquarie anamkhululukira mlandu wonse. Popeza anadziwa za madzi kuyambira ubwana wace, anamangitsa combo cacing'ono, Hawkesbury Packet, naonjeza cina cochedwa Hope, nayamba malonda a matabwa m'mbali mwa nyanja. Mu 1817 zombo zonse ziwiri zinasweka m'miyezi yowerengeka, cuma cace nicimira. Koma m'nyengo yomweyo anapatsidwa malo a maekala 200 pa mtsinje wa Hawkesbury, nasamukira kumeneko ndi banja lace. Mu 1821 anali ndi cilolezo ca nyumba ya alendo. Mu 1826 anamanga nyumba yaikuru ya miyala naicha Cobham Hall. Ndipo mu 1827 Boma linampatsa ulamuliro wa doko, kuti aziolotsa anthu, ng'ombe ndi magareta. Mseu waukuru wocokera ku Sydney kunka kumpoto, umene akaidi omangidwa maunyolo m'miyendo anaukumba pakati pa 1826 ndi 1836, unadzera pa doko lacelo. Ndipo iye ndiye amene anagulitsa ku Boma zakudya za akaidiwo, napindula kwakukuru. Anamwalira pa 28 November 1838, ali ndi zaka 61, anthu akumucha mfumu ya Hawkesbury. Malowo achedwa Wisemans Ferry kufikira lero lino, doko likali kuolotsa anthu, ndi nyumba ija ikali kulandira alendo.

Coyamba cimene tiphunzira ndi ici: cilango ciyenera kukhala ndi malekezero. Lingalirani bwino za nyumba ya alendo. Palibe nchito ina padziko imene ifuna kukhulupirika koposa imeneyi. Mlendo amafika madzulo atatopa, naika thumba lace pansi, napereka kavalo wace kwa mwini nyumba, natseka maso ace m'nyumba ya munthu amene samdziwa. Wogona ali ngati mwana wakhanda, sangathe kulonda kanthu. Ndipo padoko munthu amapereka moyo wace womwe m'manja mwa woolotsa. Nchito ziwiri zimenezi zinagwa m'manja mwa munthu amene bwalo la ku London linamuyesa wosayenera kukhala ndi moyo. Ndipo akuluakulu a Boma ndi oweruza milandu anagona pansi pa denga lace, nadzuka m'mawa ndi katundu wao yense. Cingwe cikadamangidwa m'khosi mwace mu 1805, dziko likadapindula ciani? Mwini mitengo sakadalemera nako, Jane akadakhala wamasiye, ndi ana ace opemphapempha m'miseu ya London.

Koma tisayese kuti Wiseman anadzuka yekha. Panali munthu amene anamtsegulira khomo. Bwanamkubwa Macquarie, amene analamulira kuyambira 1810 kufikira 1821, anagwira mau akuti munthu akatsiriza cilango cace, nakhala ndi makhalidwe abwino, abwerere pamalo pamene anali asanagwe. Iye anaitana akaidi omasulidwa kudzadya pagome lace, ndipo ena, monga Andrew Thompson ndi Simeon Lord, anawaika akhale oweruza milandu. Azungu ambiri obwera mwaufulu anaipidwa nazo. Ngakhale mbusa Samuel Marsden anakana mu 1810 kukhala m'bungwe limodzi loyang'anira mseu pamodzi ndi amuna awiriwo. Pamenepa tiona kuti mtima wokana munthu wakugwa sukhala kunja kwa mpingo kokha.

Wina adzati, "Nanga tidziwa bwanji kuti wakuba waleka? Fisi sasintha mayendedwe ace." Funso ili si lopusa, ndipo sitinena kuti munthu woturuka m'ndende dzulo timpatse lero thumba la ndarama za msonkhano. Ngakhale Wiseman sanalandire zonse tsiku limodzi: poyamba citupa, patapita zaka ziwiri cikhululukiro, ndi pambuyo pace malo ndi doko. Kukhulupirika kumakula monga mbande ya fodya, imene iyamba panazale, nithiriridwa m'mawa ndi madzulo, ndipo pamene yalimba ndipo aioka kumunda. Koma mbande imene aikaniza ndi nazale yomwe idzakula kuti? Tikamana munthu ganyu, tikakana kumbwereka khasu, tikasuntha pamene iye akhala pafupi nafe pamaliro, tamtsekera njira zonse kusiya imodzi, ndiyo njira yomwe ija inamtengera kundende. Ndipo akabanso timati, "Suja tinanena?" osazindikira kuti ulosi wathu taukwaniritsa ndi manja athu.

Caciwiri ndi ca banja lace. Tiyenera kuima pang'ono pa Jane, pakuti mbiri imakonda kuchula amuna niiwala akazi. Mai ameneyu sanabe kanthu, ndipo palibe bwalo linamweruza. Koma anasiya dziko lace ndi abale ace, nakwera combo ca akaidi ali ndi pakati, nabala mwana pakati pa mafunde. Anabalira mwamuna wace ana amuna anai ndi akazi awiri, namwalira mu 1821, nyumba ya miyala isanamangidwe. Anadya naye zowawa, koma zokoma anadya ndi wina, pakuti Wiseman anakwatira Sophia Warner mu 1826. Kuno kwathu alipo amai otere ambiri, amene amayenda ndi kamba wa ufa ndi nsinjiro kukaona amuna ao kundende, nalima okha munda, nalipira okha zofunika kusukulu, namva okha mau a pacitsime. Cilango cimalembedwa pa dzina la mmodzi, koma cimadyedwa ndi nyumba yonse.

Ndipo taonani umo lilime litsatira munthu wakugwa. Pambuyo pace kunabuka mphekesera yakuti Wiseman anapha Jane pomkankha pa makwerero a Cobham Hall, ndi kuti mzukwa wace umayenda m'nyumbamo. Ndipo nthano imeneyi ikali kunenedwa kwa alendo. Koma tawerengani zaka: Jane anafa mu 1821, nyumbayo inamangidwa mu 1826. Munthu angagwe bwanji pa makwerero amene miyala yace ikali m'phiri? Anthu anaibvomera nthanoyo msanga popeza mwini nyumba anali kaidi kale, ndipo pa munthu wotere bodza liri lonse limamera ngati bowa pa culu.

Kwa zaka zambiri anthu a ku Australia anayesa magazi a kaidi ngati banga losacoka, ndipo mabanja anabisira ana ao za agogo ao. Makolo athu anati, "Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu," kutanthauza kuti kholo liyankha mlandu wa mwana wace, popeza ndilo lomlera. Koma sanatisiyire mau akuti nkhuyu zodya wamkulu zipote mwana wosabadwa. Mwana sanasankhe atate wace. Mphunzitsi amene alola ana kuchula mnzao "mwana wa kaidi" pabwalo la sukulu alola cosalungama cacikuru. Ndipo nthawi inaonetsa kupusa kwa manyazi aja, pakuti m'masiku ano ambiri a kumeneko amafufuza m'mabuku a Boma ndi kukondwa akapeza kuti kholo lao linadza m'combo ca akaidi. Ndipo nkhope ya Mary Reibey, amene anatumizidwa kumeneko akali mtsikana cifukwa ca kuba kavalo, nakhala wamalonda wamkuru ku Sydney, iri pa ndarama yao yapepala ya madola 20.

Pali kanthu kena ka m'banja lomweli kamene ife aphunzitsi sitingakapitirire. Woweruza milandu Roger Therry, amene anacereza m'nyumba mwace, analemba m'buku lace la 1863 kuti Wiseman anali munthu wocenjera ndi wolandira bwino alendo, woyenda ndi galasi loonera kutali m'khwapa kuti aone odza panjira, koma wosaphunzira ndi wopeputsa sukulu, woyesa kuti ng'ombe ndi nkhosa zipindulitsa mwana koposa mabuku. Maganizo amenewa tiwamvanso kuno m'nyengo yosoka fodya, pamene mabenchi a m'sukulu akhala opanda ana. Koma tifunse: mbiri ya Wiseman taidziwa bwanji? Si ng'ombe zace zinaisunga, iai. Anaisunga ndi alembi a pabwalo la milandu ndi anthu odziwa kugwira colembera.

Cacitatu ndico colemera koposa, ndipo pano mbiri yokoma ija iyamba kuwawa. Munthu wokhululukidwa ali ndi mangawa. Wiseman anadziwa kununkha kwa ndende, anadziwa kulemera kwa mau a woweruza. Tikadayembekeza kuti pamene akaidi ena anaperekedwa m'manja mwace kumgwirira nchito, iye adzakhala woyamba kuwacitira cifundo. Koma mbiri imene inatsala kumtsinje kuja imamchula mbuye wouma mtima kwa anchito ace. Ndiponso cuma cace cacikuru cinacokera m'mphika wa anthu a maunyolo amene anali kuswa miyala pafupi ndi khomo lace, anthu olingana ndi iye mwini zaka makumi awiri zapitazo. Amene anaoloka mtsinje anaiwala kuti tsidya lija kwatsala anzace.

Cinthu ici ticidziwa bwino m'zidikha zathu za fodya. Kuyambira zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti anacuruka m'dziko la Kasungu, mabanja ambiri anadza kuno kudzalima ngati matenanti, nalandira cimanga ndi feteleza pangongole, ndipo pakutha pa caka, fodya atayesedwa pasikelo, ena anapeza kuti thukuta lao lonse lathera m'buku la ngongole. Nyumba ya Malamulo inathetsa mwambo wa utenanti mu 2021. Koma lamulo limasintha pepala msanga, mtima umatsalira m'mbuyo. Ndipo cocititsa cisoni ndi ici, kuti nthawi zina wouma dzanja koposa ndiye amene anali tenanti iye mwini, napeza malo ace, nagula sikelo yace. Iye amati, "Ine ndinabvutika, naonso abvutike." Koma kubvutika kwathu kwa kale sindiko cilolezo cobvutitsa ena, ndiko sukulu imene tinayenera kuphunziramo cifundo. Akuru anati, "Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe". Ndipo ife tionjeza kuti cimene cinaona iwe dzulo usacikankhire kwa mnzako lero.

Tsono pali mlandu wina woposa umenewu. Maekala 200 aja anali a yani? Mtsinje umene Angerezi anaucha Hawkesbury unali nalo kale dzina lace, Dyarubbin, ndipo m'mbali mwace munali anthu eni dziko, Adharug ndi anansi ao, amene makolo ao anasodza nsomba ndi kukumba zilazi pamenepo zaka zikwi zambiri. Nthomba inapha ambiri a iwo mu 1789; ndipo kuyambira 1794 kufikira 1816 kunali nkhondo pamtsinjewo pakati pa iwo ndi obwera. Macquarie yemwe uja, wacifundo kwa akaidi a mtundu wace, ndiye anatumiza asilikari mu 1816 kukalanga eni dziko, ndipo ku Appin anaphedwa anthu osacepera 14, ena a iwo akazi ndi ana. Boma linagawa dziko lao monga ngati linalibe mwini, ndipo kunali mu 1992, pa mlandu wa Eddie Mabo, pamene bwalo lalikuru la Australia linakana ciphunzitso cimeneco.

Taikani zinthu ziwirizi pa sikelo imodzi. Pa mitengo yokwana m'ngalawa imodzi munthu anaweruzidwa kuti afe. Pa dziko la mtundu wathunthu munthu yemweyo analandira pepala ndi cidindo ca Boma. Ife a dziko lino sitisowa wotimasulira zimenezi, pakuti tidziwa za mapepala amene Harry Johnston anapatsa Azungu pa malo akuru a kumwera m'zaka za m'ma 1890, ndi za thangata amene anatsatapo, ndi za mwazi umene unakhetsedwa ku Magomero mu 1915 m'masiku a John Chilembwe. Pamenepa tiphunzira kuti cololedwa ndi lamulo ndi colungama siziyenda pamodzi masiku onse, ndipo munthu wofuna mtima woyera asafunse kokha kuti, "Kodi ndiri nalo pepala?" koma afunsenso kuti, "Kodi analira ndani pamene ndinalandira pepalali?"

Apa ndipo mwambi wa makolo upeza malo ace eni eni. Mlandu wa mitengo unaweruzidwa, unalipidwa, unatha. Ameneyo sitiyenera kuufukula. Mlandu wa dziko sunafike pabwalo m'masiku a Wiseman, ndipo umenewo ndiwo sunaole. Patapita zaka zoposa 160 cimwalirire iye, mdzukulu wina wa mbumba yace, mlembi Kate Grenville, anayamba kufufuza za kholo lace, nafika pa funso lomweli la eni dziko. Ndipo mu 2005 anaturutsa buku la nthano yopeka, The Secret River, limene linautsa makani akuru m'dziko lace. Iye sanabise kuti kholo lace linali kaidi, pakuti pamenepo panalibe ca manyazi. Cimene cinamsautsa ndi cija cimene kholo lace silinaimbidwe naco mlandu. Mwana salowa chimo la atate wace. Koma akalowa munda wa atate wace, walowanso mafunso onse okhala m'mundamo.

Ife kawirikawiri timatembenuza zinthu izi. Mlandu wotha timausunga ngati mbeu m'nkhokwe, ndi mlandu wosatha timaukwirira. Timaloza cala mnyamata amene anaba nkhuku nakhala miyezi isanu ndi umodzi m'ndende, koma timapatsa mpando wa kutsogolo munthu amene anasuntha malire a munda wa mkazi wamasiye, kapena amene sikelo yace imadya makilogalamu awiri pa belo liri lonse, popeza iye sanabvalepo zobvala za kaidi. Wogwidwa ndiye timamucha wakuba. Wosagwidwa timamucha bwana.

Cifukwa cace, abale, tigwire zinthu zitatu. Woturuka m'ndende timlandire, timpatse nchito yaing'ono lero kuti mawa akhoze yaikuru, ndipo mkazi wace ndi ana ace tisawalipitse ngongole imene sanakongole. Amene tinagwapo ndi kudzutsidwa, kapena tinali osauka ndi kulemera, tikumbukire tsidya limene tinacokera, ndipo dzanja lathu likhale lopepuka pa iwo amene atigwirira nchito. Ndipo yense wa ife ayang'ane m'munda mwace, m'buku lace la ngongole ndi pa sikelo yace, ngati mulibe mlandu umene bwalo silinaumve. Akaupeza, apite yekha kwa mwini wace dzuwa likali m'mwamba, asausiyire adzukulu ace.